Yesu wa Olcott kapena wa DeMille: ndi filimu iti yoti muonere?

Anzanga okonda mafilimu akale opanda mawu andivutitsa ndi funso limeneli, ndiye ndiyankhire pano onse amve. Ndikuyerekeza mafilimu awiri a moyo wa Yesu: From the Manger to the Cross ya Sidney Olcott ya 1912 ndi The King of Kings ya Cecil B. DeMille ya 1927.

Pa kukongola kwa zithunzi, Cecil B. DeMille wapambana, palibenso zokambirana. Chiyambi cha filimu yake ndi gawo la kuuka kwa Yesu adazijambula ndi mitundu ya Technicolor, ndipo nkhope ya Yesu timayamba kuionera m'maso mwa kamwana kakhungu kamene kakuchira. Pamenepo ngakhale wouma mtima amakhudzidwa. Mungochenjera pogula. Wina adandigulitsa DVD nkumati ndi yathunthu, koma inali yodulidwa ya 1928 ya mphindi 112, pomwe yoyambayo ndi ya mphindi pafupifupi 155.

Chimene chimandinyansa ndi momwe DeMille adagawira anthu maudindo. Yesu ndi H. B. Warner, Mngelezi wa zaka za m'ma 50, wodekha, wowala. Nanga oipa? Kayafa ndi Rudolph Schildkraut, Yudasi ndi mwana wake Joseph, onse Ayuda enieni. Kayafayo amuonetsa ngati munthu amene mtima wake uli pa ndalama za m'kachisi basi. Woonera amatuluka ataiwala kuti Yesu, amayi ake ndi ophunzira ake onse analinso Ayuda. Bungwe la Ayuda la B'nai B'rith lidadandaula, ndipo filimuyo idasinthidwa: adaikapo mawu oyamba, mlandu wonse nkuusenzetsa Kayafa yekha. Koma kusintha mawu olembedwa sikufufuta nkhope zimene diso laona kale.

Ndiye pali Mariya wa ku Magadala. Uthenga Wabwino umangoti Yesu adamutulutsa ziwanda zisanu ndi ziwiri. DeMille adamusandutsa mkazi wadama wolemera, chibwenzi cha Yudasi, wokwera galeta lokokedwa ndi mbidzi. Mbidzi! Zimenezi nzokopera ogula matikiti, si za m'Malemba ayi.

Ya Sidney Olcott ndi yozizira, sindikana. Kamera imangoima malo amodzi, ochita sewero akuoneka ngati zithunzi za m'buku la Sande sukulu, ndipo nzoonadi ankatsanzira zojambula za James Tissot, katswiri wa ku France wojambula zithunzi za m'Baibulo. Yesu wake, Robert Henderson-Bland, nayenso ndi Mngelezi. Komabe kampani ya Kalem, imene idapanga filimuyi, idapita kukajambula ku Egypt ndi ku Palestine komweko, ndiye misewu, miyala ndi anthu odutsa kumbuyo ndi a kumaloko. Nkhani adalemba ndi mayi, Gene Gauntier, amenenso adasewera ngati Mariya amayi a Yesu, ndipo mawu olembedwa pakati pa zithunzi ndi mavesi a m'Baibulo, osati zopeka za wojambula.

Vuto lake nlakuti imathera pamtanda, kuuka kulibe. Ofuna kuionetsa achinyamata pa Pasaka akonzekere kuwerenga okha Mateyu 28. Ngakhale zili choncho, ine ndili kwa Olcott ndi Gauntier. Ya DeMille muionere luso, koma musaionetse ana popanda wamkulu wofotokoza za Kayafa uja.