Chipatala cha mafizo ku Avenues: zimene ndinaona nditapita ndi amayi anga

Amayi anga akhala akutsimphina kwa zaka ziwiri, ndipo anafe tinkangoti ndi nyamakazi ya ukalamba, n'kumawagulira mankhwala ochepetsa ululu a diclofenac kwathu ku Mabvuku, mumzinda wa Harare. Atayamba kulephera kukwera kombi popanda wowagwira mkono, ndinapita nawo ku chipatala china cha mafizo ku Avenues, dera lina la mumzinda womwewo.

Chimene chinandikhutiritsa ndi mmene mayi wa mafizoyo anawapimira. Amayi ankaloza bondo, koma iye anawagoneka chagada, n'kupinda mwendo ndi kuupotokolera mkati pang'onopang'ono, mpaka amayi anakuwa kuti "Mayo ine!" atagwira mphechepeche. Anatifotokozera kuti pamene fupa la ntchafu limalowa m'chiuno pali kamnofu koterera, kamene kakaperepeseka mafupa amakhulana, ndipo ululu wake umamveka mphechepeche, nthawi zina n'kutsikira m'bondo, pomwe ululu wa m'mbali, umene umakula munthu akagonera mbali imeneyo, kawirikawiri umachokera m'minyewa. Anafunsanso ngati amayi anamwapo mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone kwa nthawi yaitali, ngati amamwa mowa, kapena ngati kubanja kuli matenda a magazi otchedwa sickle cell, chifukwa zimenezi zimatha kuchititsa kuti magazi asamafike ku mutu wa fupa, fupalo n'kufa. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa kuti vuto ndi kuperepeseka basi.

Sanatinamize kuti kamnofuko kadzameranso. Anawaphunzitsa kudzutsa chiuno ali chigonere, kukweza mwendo chammbali, ndi kukhala pampando wautali m'malo mwa pamphasa, zimene amayi sanakondwere nazo konse. Ndodo, imene ankaigwirira mbali yopwetekayo, anaisamutsira kudzanja linalo. Za diclofenac anatidzudzula mosapsatira, kuti kumwa tsiku ndi tsiku kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa achikulire.

Zodandaula zilipo. Tinadikira kupitirira ola ngakhale tinali titalembetsa nthawi, ndipo kulipira madola a ku America ulendo uliwonse n'kolemetsa kwa munthu wodalira penshoni. Pepala la masewero olimbitsa thupi linali m'Chingerezi chokha, moti ndinachita kulilembanso m'Chichewa n'kulimata pakhoma.

Patha miyezi itatu tsopano. Kutsimphina sikunathe, ndipo m'mawa mwendo umakhalabe wouma, koma Lamlungu lapitali amayi anayenda okha kupita kutchalitchi, ndodo ili kumanzere.