Fonti ya Montserrat patapita miyezi: pamitu ndi yabwino, pankhani yaitali ya Chichewa imavuta

Chaka chatha ndinayamikira kwambiri fonti (mtundu wa zilembo za pakompyuta) ya Montserrat, ndinati ndi yaulere, ndi yoyera ndipo imapangitsa posita kuoneka yamakono. Tsopano ndaigwiritsa ntchito miyezi yambiri pamaposita a misonkhano ya mpingo, makadi aukwati, zikwangwani za mashopu ndi zina zomwe ndimaika pa Behance (tsamba loonetserapo ntchito za dizaini) ndi Instagram, ndiye ndikufuna ndinene momwe zilili panopa.

Kaye mbiri yake, chifukwa ambiri timangoisankha pa Canva, pulogalamu yopangira dizaini, osadziwa komwe inachokera. Anaipanga ndi Julieta Ulanovsky wa ku Buenos Aires, anatengera zilembo za pamaposita ndi zikwangwani zakale za dera lina la mzindawo lotchedwa Montserrat. Inatuluka pa Google Fonts mu 2011 pa layisensi ya SIL Open Font License, kutanthauza kuti mutha kuigwiritsa ntchito pa bizinesi osalipira kalikonse. Ili ndi makulidwe 9 kuyambira Thin mpaka Black, iliyonse ndi yopendekeka yake. Anthu amaifanizira ndi fonti ya Gotham, ija inatchuka pa kampeni ya Obama mu 2008, koma Gotham ndi yogula.

Pamitu sindinasinthe maganizo ngakhale pang'ono. Mukalemba mutu ndi ExtraBold kapena Black, munthu amawerenga ali pa minibasi ikudutsa, ndipo O wake ndi wozungulira bwino moti dzina la shopu limakhala ndi ulemu wake. China chomwe ndimaikondera ndi chakuti ili ndi ŵ. Mafonti ambiri okongola omwe timatsitsa alibe chilembo chimenechi, ukalemba Malaŵi kompyuta imakabwereka ŵ kufonti ina ndipo amangooneka wachilendo pakati pa anzake.

Vuto ndi m'lifupi mwake. Zilembo zake ndi zotambalala, ndiye mawu athu ndi aatali, tangoganizani "tikukuitanirani" kapena "chikondwerero" pa posita yopapatiza ya pa WhatsApp status, mawu amodzi adzaza mzere wonse, ukachepetsa saizi mphamvu ya mutu yatha, ukawadula pakati agogo akuwerenga akuvutika. Pankhani yaitali ndiye kumakhala kovuta kwambiri, pulogalamu ya maliro ya masamba awiri inafika atatu chifukwa cha fonti basi, ndipo pepala lowonjezera ndi ndalama za banja lomwe lili kale pachisoni. Masiku ano nkhani yaitali ndimaiika mu fonti ya Source Sans kapena Lora, ndipo mutu wa Chichewa ukakana kulowa ndimapita ku Oswald yomwe ndi yopapatiza. Thin ndi Light zimaoneka bwino pa sikirini koma pa vinilu kapena pa pulinta yotopa timizere take timasowa, ndinasiya kuziika pa chilichonse chosindikiza.

Nkhani yosindikizayi ndionjezere: musanatumize fayilo, zilembo zisandutseni ma curves kapena ma outlines (kutanthauza kuti zikhale ngati zojambula zosadalira fonti), kapena tumizani PDF yomwe fonti ili mkati. Malo ena osindikizira anatsegula fayilo yanga pa kompyuta yomwe inalibe Montserrat, chikwangwani chonse chinatuluka mu Arial, mizere itasuntha, kasitomala atakwiya.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi pa kuonetsa ntchito. Mukayang'ana ma portfolio (zitsanzo za ntchito) a anyamata ndi atsikana a dizaini, ambiri afanana, mutu wa Montserrat Bold, mawu otalikirana, mtundu umodzi wowala, basi. Fontiyo si yolakwa, koma munthu wofuna kukupatsa ntchito sangasiyanitse dzanja lako ndi la mnzako. Pomwe Ulanovsky anayang'ana zikwangwani za kwawo n'kupanga chinthu chomwe dziko lonse likugwiritsa ntchito, ife tili ndi alembi a zikwangwani za ma barbershop, magolosale ndi ma minibasi ku Ndirande, ku Limbe, ku Area 25, zilembo zamanja zokhala ndi mithunzi ndi mitundu yolimba mtima, ndipo sitikuzijambula n'komwe. Ine ndayamba kuzijambula pafoni ndi kuzilembanso pamanja pamitu ina, Montserrat ndikuisiyira tsiku, malo ndi manambala a foni, pomwe imagwira ntchito bwino kwambiri chifukwa manambala ake amawerengeka ngakhale ali aang'ono.