Kachipangizo ka GPS, foni kapena sikirini yobwera ndi galimoto: cholondolera njira chabwino n'chiti?

Amene akuganiza zogula kachipangizo ka GPS komata pagalasi la galimoto, monga ka Garmin kapena TomTom, ayambe wadziwa kuti setilaiti imene kamagwiritsa ntchito ndi yomweyo imene foni yam'thumba mwake imagwiritsa ntchito. Masetilaiti a GPS ndi a dziko la America, amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo chipangizo chimafunika kumva anayi kuti chidziwe pamene muli. Kumva kumeneku sikudya bandulo ngakhale pang'ono. Chimene chimadya bandulo ndi mapu, ngati simunawasunge m'foni. Ndiye kusiyana kwenikweni kuli pa mapu amene ali m'katimo, moto, ndi mmene chinthucho chimapiririra dzuwa ndi mabampu.

Tiyambe ndi chimene ambiri ali nacho kale koma sichiwathandiza: sikirini yobwera ndi galimoto za ex-Japan, kaya ndi Vitz, Sienta, Passo kapena Fit. Mapu ake ndi a ku Japan basi. Setilaiti imaipeza galimotoyo bwinobwino, koma poti Malawi mulibe m'mapuwo, kamuvi kamangoyandama pamalo opanda kanthu. Kuika mapu akuno m'makina ambiri otere sikutheka. Komanso musachotse kakadi ka mapu kamene kali m'katimo poganiza kuti n'kopanda ntchito, chifukwa makina ena kakachoka, kapena batire la galimoto likachotsedwa kakadiko kulibe, amatseka zonse, wailesi ndi kamera yobwerera m'mbuyo yomwe. Ena amachotsa makina onsewo n'kuikapo sikirini ya Android. Imeneyo ndi foni yaikulu yomangirira padashibodi, ndipo zonse tinene za foni zikuikhudza. Chofunika n'chakuti woika asaunjike kamlongoti kake ka GPS kuseri kwa zitsulo. Kakhale pamwamba pa dashibodi kapena pansi pa pulasitiki yokha, apo ayi kamuvi kazidumphadumpha.

Mpikisano weniweni uli pakati pa kachipangizo kapadera ndi foni.

Ubwino wa kachipangizo ndi wakuti kali ndi ntchito imodzi. Mukaliza galimoto kamayaka, mukazimitsa kamagona. Palibe woimba foni amene angaphimbe mapu pamene mukuyandikira raundabauti, palibe uthenga wa WhatsApp wotsika pasikirini. Mapu onse ali m'katimo, ndiye kaya netiweki ya Airtel kapena TNM yathawa m'mapiri a Chiweta, kaya mwawoloka malire ndipo simu yakwanu yasiya kugwira, iko kakungopitiriza. Apa m'pamene kamaonetsa mphamvu: ulendo wa ku Joni wodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, kapena wokatenga galimoto ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Sikirini yake, ya mainchesi 5, 6 kapena 7, ili ndi zilembo zikuluzikulu zoti diso lione kamodzi n'kubwerera pamsewu. Ndipo foni yanu imatsala ndi moto woti muimbire anthu galimoto ikafa pathengo, chinthu chimene ambiri sachiwerengera.

Kuipa kwake kwagona pa mapu omwewo. Kachipangizo kogulidwa ku UK kapena ku America kamabwera ndi mapu akumeneko, ndipo m'bale akakutumizirani mumangoona misewu ikuluikulu iwiri itatu, mwinanso osaona kalikonse. Zilembo LM zimene zimalembedwa pa ma Garmin ena zimatanthauza kuti mapu aziwonjezeredwa kwaulere, koma a chigawo chokhacho chimene kanagulidwira. Choncho musanapereke ndalama, lowani pamene pali mndandanda wa mapu m'kachipangizomo, muone ndi maso anu kuti Malawi alimo, kenako fufuzani malo amene mumawadziwa bwino, monga Mponela kapena Luchenza. Ngati mulibe, njira zilipo ziwiri kwa a Garmin. Yoyamba ndi kugula mapu a Tracks4Africa, kampani ya ku South Africa imene imapanga mapu kuchokera ku njira zimene apaulendo anadutsadi, ndipo ndi abwino pa misewu yafumbi ndi m'malo osungira nyama. Yachiwiri ndi mapu aulere a OpenStreetMap: mumatenga fayilo yotchedwa gmapsupp.img, n'kuiika m'foda ya dzina loti Garmin pakakadi ka microSD. Kadiyo ikhale ya 32GB kapena kucheperapo, yokonzedwa mwa FAT32, chifukwa zipangizo zakale makadi akuluakulu siziwawerenga. Ku TomTom njira yachiwiriyi kulibe, mumadalira mapu a kampaniyo.

Kuwonjezera mapu atsopano nakonso ndi ntchito. Ma Garmin ambiri amafuna kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya Garmin Express ndi intaneti yamphamvu, poti mafayilo ake amakwana magigabaiti angapo. Magetsi akathima zili pakati, mapu akhoza kuwonongeka mpaka mutayambiranso. N'chifukwa chake zipangizo zambiri zikuyenda ndi mapu a zaka zambiri zapitazo, osadziwa misewu yatsopano ya mu Lilongwe.

Batire lake musalidalire. Ambiri amangokhala ola limodzi kapena kuchepera akachotsedwa pachingwe, ndiye soketi ya choyatsira fodya ikafa, nakonso kafa. Nthawi zambiri vuto limakhala fiyuzi, kaya ya galimoto, imene imakhala ya 10A kapena 15A, kaya kafiyuzi kakang'ono kobisika kunsonga ya pulagi. A mathiraki aonetsetse kuti chajayo yalembedwa kuti imalandira 24V, osati 12V yokha.

Foni imapambana pa kupeza malo. Kuno sitilondolerana ndi dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Timati mukadutsa chigayo mukhotere kumanja, geti lachitatu lobiriwira. Kachipangizo kamene kamayamba n'kufunsa dzina la msewu kamasowa pogwira ku Area 25 kapena ku Ndirande. Pafoni, mnzanu amangotumiza lokeshoni pa WhatsApp, inu n'kudina, ulendo wayamba. Masitolo, malo ogona, zipatala ndi malo omwetsera mafuta zimapezekanso msanga pa Google Maps kusiyana ndi m'kachipangizo. Foni imapezanso setilaiti mofulumira chifukwa netiweki imaiuziratu kumene masetilaiti ali, pamene kachipangizo kamene kakhala m'kabati miyezi kangatenge mphindi zingapo, ndipo kamafuna muime panja poonekera kumwamba.

Lokeshoni yomweyo mukhoza kuilowetsa m'kachipangizo polemba manambala ake, koma apa anthu amasochera kwambiri. Lilongwe ali cha pa -13.98, 33.78. Kamzere kakutsogoloko kakutanthauza kummwera kwa equator. Mukakaiwala, kapena mukasiya N (kumpoto) m'malo mwa S (kummwera), kachipangizo kakulozerani ku Sudan. Kalembedwe ka manambalawa kaliponso kamitundu itatu, ndipo madigiri 13 ndi mphindi 58 si chimodzimodzi ndi 13.58. Kusokoneza ziwirizi kumakuponyani makilomita oposa 40 kutali ndi kumene mukupita. Sinthani kaye kalembedwe ka m'kachipangizo kafanane ndi ka pafoni musanalembe.

Nkhani ya netiweki, imene kale inali chifukwa chachikulu chogulira kachipangizo, pafoni inatheka. Pa Google Maps dinani chithunzi chanu pakona, sankhani Offline maps, kenako Select your own map, kokerani bokosilo pa dera limene mukufuna, n'kutsitsa muli pa Wi-Fi. Dziwani kuti popanda netiweki imakupatsani njira ya galimoto yokha, siikuuzani za kuchulukana kwa magalimoto, ndipo mapuwo amatha ntchito mukapanda kuwatsitsanso pakapita nthawi. Mapulogalamu ena a mapu a pafoni, Organic Maps ndi OsmAnd, amatsitsa mapu a Malawi yense kamodzi, ndipo kumidzi nthawi zambiri amaonetsa tinjira tambiri. OsmAnd yaulere imalola kutsitsa mapu 7 okha, ndiye sankhani mayiko mosamala. Pulogalamu ina yolondolera njira, ya Waze, popanda bandulo siithandiza.

Mdani wa foni ndi kutentha. Sikirini yoyaka, GPS, chaja ndi dzuwa lolowera pagalasi zikakumana, makamaka mu October ku Chikwawa kapena ku Nsanje, foni imachepetsa kuwala, imasiya kulowa moto, kenako imazima. Mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira bwino ntchito mpaka madigiri 35, ndipo padashibodi pamatentha kuposa apo. Chogwirira chomangirira potulukira mphepo ya AC chimathandiza kuposa chomata pagalasi, ndipo kuchotsa kava kumathandizanso. Chaja ikhale ya 2A kapena kuposa. Tija totchipa ta 1A timalephera, batire limatsika chingwe chili cholumikiza. Kachipangizo kapadera kamapirirako, koma nako kakasiyidwa padzuwa tsiku ndi tsiku batire limatupa, ndipo mphira womatira umauma n'kugwa pa bampu yoyamba. Pukutani galasi ndi mphirawo musanamate. Mukaimika galimoto m'tauni chotsani zonse, mufufutenso kachizindikiro kozungulira kamene mphira umasiya, chifukwa wakuba akakaona amadziwa kuti m'galimotomo muli kanthu.

Pali zolakwa zina zimene onse awiri amachita mofanana. Mukasankha njira yaifupi m'malo mwa yachangu, adzakuchotsani pa tala n'kukulowetsani m'matope kuti mupulumutse makilomita asanu. Wopita ku Livingstonia kuchokera kunyanja adzalozeredwa msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba, wa makona akuthwa pafupifupi 20 okwera phiri, popanda chenjezo loti galimoto yotsika siyenera kuuyesa. Mlatho ukakokoloka, monga zinachitikira m'madera ambiri akummwera pa namondwe wa Freddy mu March 2023, mapu amauonetsabe uli chilili. M'dzinja funsani madalaivala a minibasi kapena a kabaza pa siteji yomaliza musanasiye msewu waukulu. Liwiro lovomerezeka limene limaoneka pasikirini nalonso limalakwika kawirikawiri. Apolisi apamsewu amayendera chikwangwani. Mawu olondolera ndi a Chingerezi, ndipo mayina akuno amawatchula mokhotakhota, ndiye mverani mtunda ndi mbali yokhotera, osati dzina.

Kwa woyenda m'tauni ndi pa M1 kapena M5, kugula kachipangizo n'kuwononga ndalama. Chogwirira cholimba, chaja yabwino ndi mapu otsitsiratu zakwana. Foni yakale yopanda simu, yoikidwa Organic Maps, imagwira ntchito ya kachipangizo popanda kugula china. Kachipangizo kapadera n'koyenera kwa dalaivala wowoloka malire mwezi ndi mwezi, kwa ogwira ntchito kumidzi yakutali, ndi kwa kampani imene galimoto imodzi imasinthana madalaivala, poti malo osungidwa amatsala m'galimotomo. Oterewa agule kokhala ndi mapu a chigawo chino, ndipo foni ikhalebe ndi mapu ake pambali.