Ulendo wamaphunziro wa ku China ndi ana awiri: zomwe kampani inatipatsa ndi zomwe inatimana

Papita zaka zinayi chiyambire kuphunzitsa ana athu awiri pakhomo kuno ku Rosettenville, mu Johannesburg, ndipo tinawalembetsa ku dipatimenti ya zamaphunziro ya Gauteng monga momwe lamulo la sukulu la m'chaka cha 1996 limafunira. Mtsikana ali ndi zaka 12 ndipo ali giredi 6, pamene mlongo wake ali ndi zaka 9. Mu Epulo tinapita nawo ku China kwa masiku khumi kudzera ku kampani ina ya zamaulendo yomwe imanena kuti maulendo ake anakonzedwera mabanja ophunzitsa ana pakhomo. Amayi angapo a kutchalitchi kwathu akhala akundifunsa ngati ndalama zomwe tinasunga kwa zaka zitatu zinagwira ntchito yake, ndipo yankho langa ndi lakuti kampaniyi imadziwa bwino kuyendetsa anthu, koma kuphunzitsa ana imangoyerekeza, kupatula pa masiku atatu a ku Xi'an omwe anapulumutsidwa ndi munthu mmodzi.

Chinayambitsa zonse ndi phunziro la Mapungubwe, ufumu wakale wa ku Limpopo womwe ana a giredi 6 amaphunzira kuno. Titawerenga kuti pamalopo, komanso ku Great Zimbabwe, anafukulapo zidutswa za mbale zopangidwa ku China, mtsikana anandifunsa kuti, "Amayi, mbale ya ku China inafika bwanji ku Limpopo kulibe ndege?" Ndinayankha mozemba, chifukwa China yomwe ine ndinkaidziwa inali ya nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe ndi ya katundu amene anzathu amakapikula ku Dragon City kuti akagulitse kumudzi.

Pa nkhani ya mapepala ndi mayendedwe ndilibe dandaulo. Ife tili ndi mapasipoti a Malawi ndipo timafunika viza, choncho kampani inatikonzera kalata ya ndondomeko ya ulendo, umboni wa mahotela ndi matikiti a ndege, n'kutiuza momveka zoti tikanyamule popita kukapempha. Matikiti olowera ku Forbidden City amagulidwa pa intaneti nthawi isanakwane pogwiritsa ntchito nambala ya pasipoti, ndipo malowo satsegula Lolemba, koma zonsezi anazisamala okha. Anatichenjeza kuti WhatsApp, Google ndi Facebook sizigwira pa intaneti ya m'dzikomo, anatithandiza kulumikiza khadi la kubanki ku Alipay chifukwa ngakhale wogulitsa chimanga chophika pamsewu amalandira ndalama pafoni, ndiponso anatilangiza kupewa sabata yoyamba ya Okutobala ndi masiku oyambirira a Meyi, pamene dziko lonse limakhala patchuthi. Apa m'pamene kuphunzitsa ana pakhomo kumakomera, popeza tinanyamuka pa bwalo la ndege la OR Tambo anzawo ali m'kalasi.

Vuto linayambira ku Beijing. Forbidden City ndi mudzi wathunthu wa nyumba zachifumu womwe unamangidwa kuyambira 1406 mpaka 1420 mu ulamuliro wa mfumu Yongle, ndipo mafumu 24 a maufumu a Ming ndi Qing anakhalamo kufikira womaliza, Puyi, yemwe anatula pansi ufumu mu 1912 ali kamwana. Zaka zonsezi wotiperekeza anazitchula, ndipo sanaphonye ngakhale chimodzi, koma ankaziyankhula ngati mwana woloweza ndime ya Sande sukulu, kambendera kali m'mwamba, miyendo ili pa liwiro. Mnyamata wathu anaima pa chimphika chachikulu chachitsulo, chotalika kufika m'khosi mwake, n'kufunsa ngati mfumu inkaphikiramo chakudya cha asilikali. Yankho lake ndi lokoma kwambiri kwa mwana: miphika imeneyi inkasunga madzi ozimitsira moto chifukwa nyumbazo ndi zamatabwa, ndipo m'nyengo yozizira ankasonkha moto pansi pake kuti madzi asaundane. Koma yankholi analipeza ndi bambo ake pa chikwangwani, wotiperekeza atafika kale pa chipata china akutikodola. Malo omwe munthu angathe kuyendamo tsiku lonse tinawadutsa m'maola awiri ndi theka, kenako basi inakatitula pa sitolo ya ndolo ndi zibangili za mwala wa jade, komwe tinakhala ola ndi theka akutithirira tiyi ndi kutinyengerera kuti tigule. Pa ndondomeko yomwe tinapatsidwa, sitoloyi inalembedwa ngati phunziro la luso lamanja. Chimenechi ndimachitcha chinyengo, ndipo chinachitikanso kachiwiri ndi sitolo ya nsalu za silika.

Ku Temple of Heaven zinthu zinayendako bwino, ngakhale kuti si kampani inachititsa. Kumeneko mfumu inkapita kukapereka nsembe ndi kupempherera zokolola zabwino m'malo mwa anthu ake onse, ndipo bambo a ana, omwe kwawo ndi ku Nsanje, atangomva zimenezi anakhazika ana pansi n'kuyamba kuwafotokozera za kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi za Makewana ku Msinja, komwe makolo athu ankapempha mvula. Ana athu anabadwira kuno ndipo Chichewa chawo n'chopunduka, koma tsiku limenelo anamvetsa kuti mfumu yomwe mvula yaikana imakhala pa mlandu ndi anthu ake, kaya ndi ku Beijing kaya ndi ku Chigwa cha Shire.

Za khoma lalikulu la China, lotchedwa Great Wall, sindichulutsa mawu. Anatitengera ku Mutianyu, komwe kumakhala anthu ochepa poyerekeza ndi ku Badaling, ndipo kumeneku kunali kusankha kwanzeru kwa banja la ana aang'ono. Tinakwera pa kangolo koyenda pachingwe, tinatsika pa kotsetsereka, ndipo mnyamata mpaka lero amaona ngati ulendo wonse unali wa kutsetserekako. Chomwe chinandikhumudwitsa ndi kabuku ka mafunso komwe kampani inapereka kwa mwana aliyense, momwe munalembedwa kuti khomali limaoneka munthu ali pamwezi. Zimenezo si zoona, ndipo kabuku kotchedwa ka maphunziro sikayenera kubwereza mphekesera. Sikananenenso kuti njerwa zomwe tinapondazo ndi za nthawi ya Ming, pakati pa 1368 ndi 1644, osati za Qin Shi Huang, mfumu yoyamba ya China, monga ambiri amaganizira.

Tinapita ku Xi'an pa sitima yothamanga kwambiri, ulendo wa maola pafupifupi asanu, ndipo ine amene ndinazolowera masiku awiri a m'basi kuchoka pa Park Station kukafika ku Blantyre ndinangokhala chete kuyang'ana minda ya tirigu ikudutsa pawindo.

Kumeneko tinalandiridwa ndi mayi wina wachikulire yemwe kale anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo kusiyana kwake kunaoneka tisanatsike n'komwe m'basi. Sanayambe ndi chaka. Anafunsa ana ngati anaonapo munthu akukumba chitsime, ndipo mtsikana atanena kuti anaonapo kwa agogo ake ku Dedza, mayiyu anawauza kuti mu 1974 alimi a ku Lintong, kufupi ndi Xi'an, ankakumba chitsime n'kutulutsa zidutswa za munthu wadongo. Atatero m'pamene anatchula Qin Shi Huang, yemwe anagonjetsa maufumu oyandikana naye n'kuwaphatikiza kukhala dziko limodzi mu 221 Yesu asanabadwe, ndipo anamwalira mu 210 ataumbitsa gulu la nkhondo loti likamulondere kumanda. Akatswiri amayerekeza kuti asilikali adongowa alipo pafupifupi 8,000, ndipo ambiri akadali pansi pa nthaka.

Titalowa m'dzenje loyamba, lomwe ndi lalikulu kuposa onse ndipo lili pansi pa denga ngati la bwalo la ndege, anapatsa mwana aliyense ntchito yoti apeze asilikali awiri ofanana nkhope. Anafufuza mphindi makumi awiri osawapeza. Kenako anawafotokozera kuti miyendo, matupi, manja ndi mitu zinkaumbidwa padera, zina pogwiritsa ntchito zikombole, ndipo amisiri ankamalizitsa pamanja ndevu, makutu ndi tsitsi asanaziwotche. Ankadindanso chizindikiro cha gulu lomwe laumba kuti ntchito ikaipa adziwe woti amufunse. Mnyamata, yemwe anaonapo agogo ake akuwotcha miphika ya mtapo, anafunsa kuti chinthu chachikulu choncho chinkapsa bwanji osang'ambika, ndipo mayiyu anamuonetsa kuti matupiwo ndi amphako mkati.

Chomwe sindidzaiwala ndi msilikali wa uta wogwada, yemwe anamuika m'bokosi lagalasi kuti anthu azitha kumuzungulira. Aliyense amajambula nkhope yake, koma mayiyu anakokera ana kumbuyo kwake, anawagwaditsa, n'kuwalozera kuphazi. Pansi pa nsapato yake pali timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, monga momwe nsapato yosokedwa ndi ulusi imaonekera, ndipo pa zovala zake zankhondo pakuonekabe timabanga ta utoto wofiira. Asilikali onsewa anali opakidwa utoto wowala, koma wambiri unkasendeka akangokumana ndi mpweya pofukulidwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe manda enieni a mfumuyo sanatsegulidwe mpaka pano. Mtsikana anayang'ana phazilo nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, anavutikiranji kukongoletsa pansi pa nsapato yomwe ankadziwa kuti aikwirira?" Mayiyu sanamuyankhe, koma anamuuza kuti alembe funsolo m'kope mwake, ndipo madzulo tinakambirana za anthu ochuluka omwe anagwira ntchitoyi mokakamizidwa. Mawu akuti thangata analowa okha m'kukambiranako. Sanabise nkhanza za mfumuyo, komanso sanabise kuti ndi yomweyo inalamula kuti dziko lonse likhale ndi kalembedwe kamodzi, ndalama imodzi ndi miyeso imodzi.

Tsiku lotsatira kunali phunziro la kulemba ndi burashi ndi inki, ndipo ili lokha ndilo linafanana ndi zomwe kampani inalonjeza. Ana anaphunzira kuti chilembo cha mtengo chikalembedwa kawiri moyandikana chimatanthauza nkhalango, ndiponso kuti luso lopanga pepala limagwirizanitsidwa ndi Cai Lun, nduna ya kunyumba yachifumu, m'chaka cha 105 Yesu atabadwa. Tinapalasanso njinga pamwamba pa khoma lozungulira mzinda wakale, lomwe ndi lotalika makilomita pafupifupi 14, ndipo tinadya zakudya za m'dera la Asilamu, pafupi ndi mzikiti waukulu, komwe nyama yankhosa ndi buledi wophwanyira mu msuzi zinawaiwalitsako ana nsima kwa tsiku limodzi.

Dandaulo langa lalikulu ndi la kabuku kaja, ndipo ndikufuna makolo anzanga alimvetse. Kanalembedwera ana a ku Ulaya kapena ku America, moti nkhani ya China ndi mayiko akunja kamaiyambira pa Marco Polo, ndipo dzina la Africa mulibemo ngakhale kamodzi, chonsecho kakugulitsidwa mu Johannesburg. Mulibe Zheng He, mkulu wa zombo yemwe anatsogolera maulendo asanu ndi awiri a panyanja pakati pa 1405 ndi 1433, ndipo zombo zake zinafika ku Mogadishu ndi ku Malindi. Mulibe kadyamsonga yemwe anaperekedwa kwa mfumu Yongle, yemwe uja anamanga Forbidden City, n'kudabwitsa anthu a kunyumba yachifumu. Funso la mwana wanga lija linayankhidwa ndi ine ndemwe m'chipinda cha hotela, mapu tawayala pabedi: Mapungubwe inatha zombo za Zheng He zisanabwere, choncho mbale zija zinadutsa m'manja mwa amalonda ambiri, Aluya ndi Aswahili a m'madoko a kugombe la kum'mawa, omwe ankasinthanitsa mikanda, nsalu ndi mbale ndi golide ndi minyanga ya njovu zochokera mkati mwa Africa. Ndinalipira ndalama zowonjezera chifukwa cha mawu akuti maphunziro, koma phunziro lomwe tinapitira ndinakonza ndekha.

Palinso nkhani ina yomwe kampani inayenera kutiuziratu. M'malo odzaza alendo a m'dziko momwemo, ambiri ochokera kumidzi, anthu ankafuna kujambulitsa ndi ana athu, ena mopempha, ena mongotukula foni, ndipo mayi wina anagwira malukidwe a tsitsi la mtsikana popanda kufunsa. Sindinaonepo mtima woipa, koma mwana wa zaka 12 zinamutopetsa. Wotiperekeza wa ku Beijing ankangoseka, pamene mayi wa ku Xi'an ankaima pakati n'kuwakaniza mwaulemu m'chinenero chawo, ndipo anaphunzitsa ana mawu awiri okanira okha. Kampani yomwe imanyamula mabanja akuda kuchokera ku Africa iyenera kuuza antchito ake onse za zimenezi.

Kwa banja lomwe silinapiteko ku China ndipo likuopa chinenero, matikiti ndi malipiro apafoni, kampani yotereyi imachotsa katundu wolemera pamutu, ndipo mahotela onse anali aukhondo ndiponso pafupi ndi masiteshoni. Koma musanalipire, pemphani kuti akulembereni kuti sipadzakhala kuima pa masitolo, funsani maola enieni omwe mudzakhale pa malo alionse, ndipo onani kabuku ka ana musanasaine chilichonse. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi zitatu sindingamutengere, chifukwa kuyenda pansi n'kochuluka ndipo kusiyana kwa nthawi ndi maola asanu ndi limodzi kunatisokoneza tulo masiku atatu oyamba. Ndikanakhala kuti ndikukonza ndekha, ndikanachotsa tsiku limodzi ku Beijing n'kuliwonjezera ku Xi'an.

Titabwerera ndinalembera kampaniyi kalata yotchula masitolo awiri aja, bodza la mwezi ndi kusowa kwa Africa m'kabuku kawo, ndipo ndinayamikiramo mayi wa ku Xi'an. Anayankha patatha sabata ziwiri kuti ayamikira maganizo anga ndipo mawu oyamikirawo awafikitsa kwa mwiniwake. Za masitolo ndi za kabuku sanatchulepo kanthu.