Kamera yotchera nyama: yodalirika m'nkhalango, yovuta m'dambo

Kamera yomangirira pamtengoyi imajambula ikamva kutentha kwa nyama yodutsa, ndipo m'nkhalango ntchito yake ndi yotamandika. Imangeni masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi, moyang'ana kumpoto kapena kumwera kuti dzuwa lisaithobwe. Lambulani udzu wakutsogolo, chifukwa ukamagwedezeka masana khadi yosungira zithunzi imadzaza ndi zithunzi zopanda kanthu.

M'dambo ndiye muli ntchito. Ng'ona ndi ng'azi nthawi zambiri zimadutsa osajambulidwa, poti matupi awo amatentha mofanana ndi pomwe zili, choncho itchereni kuti izijambula mphindi 15 zilizonse. Chinyezi chimaphimba galasi. Ikani m'kameramo kapaketi ka silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. M'mbali mwa mtsinje, imangeni pamwamba pa zinyalala zokodwa m'nthambi, pomwe madzi osefukira amalekezera.