Seachem Flourish, feteleza wa zomera za mu thanki ya nsomba

Abale, amene mumaweta nsomba mu thanki yagalasi ndipo munadzalamo zomera, ka botolo ka Seachem Flourish aka kandithandiza zedi. Vallisneria wanga, udzu wautali uja umameranso mu nyanja ya Malawi, masamba atsopano ankatuluka achikasu ngati chimanga chosowa feteleza, ndiye ndinayamba kuthira ndipo patapita masabata angapo masamba ongophuka kumene anayamba kubiriwira mpaka kuyala pamwamba pa madzi, moti tinsomba tanga ta guppy timabisalamo.

Muyezo wake ndi 5 ml pa malita 250, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Thanki yanga ndi ya malita 100, ndimayeza 2 ml ndi sirinji ndikangosintha madzi Loweruka, choncho botolo limakhalitsa ndithu. Muli iron, magnesium ndi tina tambiri timene zomera zimafuna pang'onopang'ono, koma nitrogen ndi phosphorus ndi zochepa kwambiri, zimenezo zimachokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala.

Musamathire mopyola muyezo pofuna kuti zikule msanga, makamaka ngati getsi limayaka tsiku lonse, ndere zimadzaza pagalasi. Langa ndimayatsa maola 8 basi. Anubias, chomera china cha mu thanki, amakula mochedwa mwachibadwa, ameneyo mumupatse nthawi.