Kagalasi ka macro kopanira pa foni: kamathandiza pa bilimankhwe wa ku Yemen, pa wa panther ayi

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndinagula kagalasika kuti ndizisiyanitsa ana a bilimankhwe, wamwamuna ndi wamkazi, akadali ang'onoang'ono. M'phukusi mumabwera kagalasi ka macro, kojambulira pafupi kwambiri, kokuza zinthu kakhumi (10x), chopanira, ndi timagetsi tozungulira totchaja pa USB.

Pa bilimankhwe wa ku Yemen, amene m'Chingerezi amamutchanso veiled, kagalasika kamagwira ntchito bwino kwambiri. Wamwamuna amaswedwa ali kale ndi kansonga kuchidendene cha mapazi onse awiri akumbuyo, pomwe magulu awiri a zala amakumana. Wamkazi pamalopo ndi posalala. Pa mwana wa masabata ochepa kansongako sikaposa njere ya chitowe, ndiye maso okha amanamiza. Ndi kagalasika kamaoneka bwinobwino.

Kajambulidwe kake nkofunika kusamala. Chotsani kava ya foni, apo ayi chopanira chimakhala mopendekeka ndipo m'mbali mwa chithunzi mumada. Musamugwire mwanayo ndi dzanja kapena kumukoka pa nthambi, zala zake zimagwira zolimba ndipo mutha kumuvulaza. Ikani kamtengo kopyapyala patsogolo pake akwere yekha, kumbuyo kwake muike pepala loyera. Jambulani phazi chammbali, osati chakumwamba, chifukwa kansongako kamaonekera bwino m'mphepete. Galasi liyenera kufika masentimita awiri kapena atatu kuchokera paphazi. Mukasuntha pang'ono chabe chithunzi chimachita chimbuuzi, choncho ndi bwino kujambula vidiyo yaifupi n'kuimitsa pomwe paoneka bwino. Onani mapazi onse awiri. Ndipo ngati akufundula, dikirani amalize, pakuti kachikopa kotsalira pachidendene kamafanana ndi kansonga ndipo ambiri amalakwitsira pamenepa.

Nyenyezi imodzi ndachotsera timagetsi. Ngakhale mutatichepetsa, timawala kwambiri. Mwanayo amada khungu, kuyasamula kukamwa, n'kuzungulira kuseri kwa kamtengo, zomwe zikusonyeza kuti wachita mantha. Tizimitseni, mujambulire pafupi ndi windo masana, ndipo musapitirire mphindi ziwiri. Vuto lina ndi la mafoni a makamera angapo: mukayandikira, foni imasintha yokha n'kupita pa kamera yomwe ilibe kagalasi. Zimitsani kaye macro ya foniyo.

Pa bilimankhwe wa panther wa ku Madagascar musayembekezere zambiri. Mtunduwu ulibe kansonga. Chomwe mumayang'ana ndi tsinde la mchira: la wamwamuna limakhala lonenepa kuseri kwa potulukira chimbudzi, pomwe la wamkazi limayamba kuonda nthawi yomweyo. Zimenezi zimafuna kuona thupi lonse chammbali, ndiye kagalasi koyandikira chonchi kamangosokoneza. Asanakwane miyezi itatu ngakhale oweta odziwa amaphonya. Bilimankhwe wa mtundu wa Jackson nayenso ingodikirani, nyanga zitatu za wamwamuna zimatalika akamakula.

Chomwe ndikulimbikitsira kudziwa msanga ndi ichi: wamkazi wa ku Yemen amaikira mazira ngakhale sanakumanepo ndi wamwamuna, nthawi zina asanakwane chaka, ndipo mazirawo amatha kupitirira 30 ulendo umodzi. Amafuna chidebe cha mchenga wosakaniza ndi dothi, wonyowa pang'ono moti dzenje silikugumuka, wozama pafupifupi masentimita 30. Akasowa pokumba amatha kusunga mazira m'mimba mpaka kufa nawo. Amafunanso calcium (mchere wolimbitsa mafupa) wokwanira pa chakudya chake ndi nyali ya UVB, yotulutsa cheza chonga cha dzuwa, chifukwa zikamba za mazira zimamudya mafupa. Amene akuganiza kuti ali ndi wamwamuna sakonzekera zonsezi.

Ngati mukukagula mwana wa ku Yemen kusitolo, pitani nako kagalasika mukadzionere nokha chidendene musanalipire, musangodalira zolembedwa pakhola. Ngati mumaweta panther yekha, sungani ndalama zanu.